CS50 ya Harvard kwa loya wofuna kuyamba kulemba mapulogalamu: atenge kosi iti, ndipo imamufikitsa pati

Harvard ili ndi makosi awiri aulere a pa intaneti amene loya wofuna kusintha ntchito amakumana nawo msanga: CS50x (kosi ya Harvard yoyambira computer science, CS50, yoikidwa pa intaneti) ndi CS50 for Lawyers. Dzina lachiwirilo ndi lokopa, moti ambiri amalowera komweko poganiza kuti ndiyo njira imene anawakonzera. Ayi ndithu. CS50 for Lawyers anaipanga kuti loya amvetse za makompyuta n'kupitiriza ntchito yake yauloya. Amene cholinga chake ndi kudzalembedwa ntchito yopanga mapulogalamu atenge CS50x, yowawayo, ndipo adziwiretu kuti nayonso imamusiya panjira.

Yamaloyayo

CS50 for Lawyers inatuluka pa intaneti mu 2019, ndipo ophunzitsa ake ndi David J. Malan ndi Doug Lloyd. Ili ndi maphunziro 10, okhudza zinenero zolembera mapulogalamu, ma algorithm, cryptography, chitetezo cha makompyuta, kayendedwe ka intaneti, mawebusaiti, ma database, ndi nkhani zimene malamulo amawombana ndi luso lamakono. Eni ake amanena poyera kuti kosiyi imayambira pamwamba: mumamva mmene chinthu chimagwirira ntchito ndi chifukwa chimene anachipangira chotero, koma simuchimanga nokha kuchokera pansi. Mukaimaliza mutha kupanikiza ndi mafunso katswiri wa makompyuta amene akuperekera umboni m'khoti, kapena kuwerenga kontrakiti ya kampani yosunga deta n'kuona pamene ikuzemba udindo. Zimenezo loya aliyense wamasiku ano akuyenera kuzidziwa.

Vuto lili pa ntchito zimene amakupatsani. Mumakhudzako zinenero za Scratch, Python ndi SQL, koma gawo lalikulu ndi mafunso oyankha pofotokoza, ndipo kufotokoza polemba ndi kumene loya amadyera. Amakhoza mosavuta, n'kuganiza kuti kulemba mapulogalamu kwamuyanja, chonsecho sanakhalepo maola awiri akuyang'anizana ndi uthenga wofiira wa cholakwika mu pulogalamu umene sakuumvetsa. Maola awiri amenewo ndi amene amaonetsa ngati ntchitoyi mungaipirire. Ngati nthawi ili yochepa, kosi imeneyi ilumpheni.

CS50x: kalowedwe ndi nthawi

Malan wakhala akuphunzitsa CS50 kuyambira mu 2007, ndipo kosiyi inaikidwa pa edX, webusaiti ya makosi a pa intaneti, mu 2012. Mavidiyo, manotsi, code (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) ya zitsanzo ndi ntchito zonse zili pa cs50.harvard.edu/x popanda kulipira. Mukufunika akaunti ya GitHub (webusaiti yosungirako code) ndi ya edX, zonse zaulere. Code mumalembera pa cs50.dev, imene ndi pulogalamu yolembera code ya VS Code yoyendera mu browser, choncho palibe choika pa kompyuta yanu. Laputopu wamba ikukwanira bola intaneti isamadukeduke. Pa foni mutha kuonera mavidiyo basi.

Sabata 0 ndi Scratch. Sabata 1 mpaka 5 ndi chinenero cha C. Sabata 6 ndi Python, 7 ndi SQL, 8 ndi HTML, CSS ndi JavaScript (zopangira masamba a webusaiti), 9 ndi Flask (chida cha Python chomangira mawebusaiti), kenako pulojekiti yanuyanu. Phunziro lililonse limatenga maola awiri kapena kuposerapo, ndipo Malan amalankhula mothamanga, ndiye manotsi olembedwa amathandiza kwambiri. Palinso mavidiyo aafupi a Doug Lloyd, iliyonse yofotokoza mutu umodzi, monga ma pointer kapena recursion. Mukakakamira, yambani mwaonera aafupiwo musanabwereze phunziro lonse.

Mawu oti "sabata" asakupusitseni. Anawawerengera wophunzira wa pa yunivesite, osati munthu amene masana ali kukhoti, madzulo akukonza zikalata. Mmene ndikuonera, munthu woyamba kumene aziwerengera maola pafupifupi 15 pa gawo lililonse ndi maola 30 kapena 40 a pulojekiti, zonse pamodzi maola ngati 200. Pa maola 8 pa sabata, imeneyo ndi miyezi 6. Maolawo muwagawe m'zidutswa zazikulu, za maola awiri kapena atatu, chifukwa mphindi 30 zimathera pokumbukira pamene munalekezera. Kosiyi amaikonzanso kumayambiriro kwa chaka chilichonse ndipo ntchito zina zimasintha, choncho ndi bwino kuyamba chaka chidakali chachikulu.

Masabata asanu a C, pamene pali phindu lenileni

Woyamba ntchito ya mawebusaiti salembedwa chifukwa chodziwa C, ndipo ena amati masabatawa ndi kutaya nthawi. Sindigwirizana nawo. Mu C kompyuta siikuchitirani chilichonse mwachifundo, ndipo apa ndi pamene zizolowezi zauloya zimayamba kuthyoka.

Ntchito yotchedwa Mario imafuna kuti mujambule piramidi ya zizindikiro za # yotalika mizere imene wogwiritsa ntchito wasankha, n'kumufunsanso akalemba nambala yosaloledwa. Ikuoneka yachibwana. Koma pa mzere uliwonse mipata ya kumanzere iyenera kukhala kutalika kwa piramidi kuchotsera nambala ya mzerewo, ndipo mukayamba kuwerenga pa 0 m'malo mwa 1 osasintha masamuwo, piramidi yonse imasunthira kumanja ndi mpata umodzi. Ndi maso simungaone cholakwika, koma pulogalamu ya kosi yoyesa ntchito yanu imakana. Kuphonya ndi 1 kotereku mudzakumana nako moyo wanu wonse wa ntchitoyi.

Credit imayesa ngati nambala ya khadi la kubanki ndi yoona pogwiritsa ntchito njira ya Luhn: kuyambira pa nambala yachiwiri kuchokera kumapeto, mumachulukitsa ndi 2 nambala iliyonse yodumphira imodzi, n'kuphatikiza zonse, ndipo zotsatira zake ziyenera kuthera ndi 0. Pali mbuna ziwiri. Yoyamba, 6 kuchulukitsa ndi 2 ikapereka 12, mumaphatikiza 1 ndi 2, osati 12. Yachiwiri, mtundu wa int, umene C imasungiramo manambala athunthu, umalekezera pa 2,147,483,647, manambala 10 okha, pamene khadi la Mastercard lili ndi 16 ndipo la American Express lili ndi 15. Muyenera kugwiritsa ntchito long, mtundu wosunga manambala aakulu.

Readability, ya sabata 2, ndi imene loya angaikonde. Imawerengera kuvuta kwa nkhani yolembedwa potsatira Coleman-Liau: 0.0588 × L − 0.296 × S − 15.8, pamene L ndi zilembo pa mawu 100 alionse ndipo S ndi ziganizo pa mawu 100 alionse. Ambiri amagwa pa kugawa. Mu C, int ikagawidwa ndi int zotsala zimatayidwa, choncho zilembo 300 pa mawu 70 zimapereka 4 m'malo mwa 4.29, ndipo yankho limatsika ndi magiredi oposa limodzi ndi theka popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Mankhwala ake ndi kusandutsa imodzi mwa nambalazo float, mtundu wosunga manambala a madesimali, musanagawe. Ikayenda, ikanimo ndime ya chigamulo cha khoti. Pulogalamuyi imatenga kadontho kalikonse ngati mapeto a chiganizo, ndiye "v." ya pakati pa mayina a otsutsana ndi "Ltd." ya pa dzina la kampani zimawerengedwa ngati ziganizo, n'kuonetsa ndimeyo ngati yosavuta kuposa mmene ilili. Pulogalamuyo yakhoza mayeso onse a kosi, koma pa zikalata zamalamulo ikunama. Amene angaone zimenezi msanga ndi amene amazidziwa zikalatazo, ndipo mwayi wa loya pa ntchito yatsopanoyi uli pamenepo.

Pa sabata 3 mumasankha pakati pa Runoff ndi Tideman, zonse zowerengera mavoti amene ovota amasanja opikisana motsatira amene akumukonda. Tideman, njira imene Nicolaus Tideman anafotokoza mu 1987, ndi imene imagwetsa anthu mphwayi. Mumayerekeza opikisana awiriawiri, kusanja mapeyalawo kuyambira amene wopambana anapambana kwambiri, kenako kuwakhoma limodzi ndi limodzi (kuika wopambana pamwamba pa wogonja), kupatula peyala imene ingapange chizungulire. Oyamba kumene amangoyang'ana ngati B anakhomedwa kale pamwamba pa A, n'kuiwala kuti chizungulirecho chitha kudutsa kutali: A pamwamba pa B, B pamwamba pa C, C pamwamba pa A. Muyenera kutsata njirayo mpaka kumapeto, ndipo recursion, njira imene gawo la code limadziitana lokha, ndiyo imachita zimenezo mwaudongo. Langizo langa ndi loti mupereke Runoff kuti muyende, n'kudzabwerera ku Tideman mukamaliza sabata 5. Kukhala pa iyo mwezi wathunthu chifukwa cha kusafuna kugonja sikukuphunzitsani zambiri.

Sabata 4 amakuchotserani zothandizira. Mumazindikira kuti string (mawu osungidwa mu pulogalamu), imene mwakhala mukuigwiritsa ntchito kuyambira sabata 1, ndi adiresi chabe ya malo a mu memory pamene pali chilembo choyamba. N'chifukwa chake mukalemba mawu ofanana kawiri n'kuwayerekeza ndi ==, kompyuta imati ndi osiyana: ikuyerekeza maadiresi, osati zilembo. Chofunika ndi strcmp. Pokopera mawu mumapempha malo ndi malloc, ndipo muyenera kuwonjezera 1 pa kutalika kwake chifukwa cha chizindikiro chosaoneka cha \0 chimene chimatseka mawuwo. Mukaiwala, pulogalamu itha kuyenda bwino lero n'kugwa mawa ndi uthenga woti segmentation fault, umene sunena mzere umene walakwika.

Recover ndi ntchito imene aliyense amene anagwirapo mlandu wa umboni wa pa kompyuta angaimve kukoma. Amakupatsani fayilo ya memory card imene zithunzi zake "zinafufutidwa", ndipo mumabweza zithunzi 50. Kufufuta nthawi zambiri kumangochotsa kaundula wa pamene fayilo ili, osati fayiloyo. Mumawerenga ma byte 512 nthawi imodzi, kufunafuna ma byte amene amayambira chithunzi chilichonse cha JPEG: 0xff, 0xd8, 0xff, ndi byte yachinayi ya pakati pa 0xe0 ndi 0xef. Mukachipeza mumatseka fayilo yakale, kutsegula yatsopano, n'kupitiriza kulemba mpaka chiyambi china chioneke. Zolakwika zofala ndi kulemba chidutswa choyamba chokha cha chithunzi chilichonse, kuyesa kutseka fayilo isanatsegulidwe n'komwe, ndi kusungira dzina ngati 000.jpg malo 7 pamene likufuna 8.

Speller imatseka gawo la C. Mumalowetsa mawu 143,091 a dikishonale mu hash table (njira yosanjira zinthu m'zipinda kuti zizipezeka msanga) n'kuyang'ana masipelo a nkhani zitalizitali. Code imene amakupatsani ili ndi zipinda 26, chimodzi pa chilembo choyamba chilichonse, kutanthauza mawu pafupifupi 5,500 pa chipinda, ndipo zilembo zina zimadzaza kuposa pamenepo. Imagwira ntchito, koma mochedwa. Mukachulukitsa zipinda n'kupanga hash (masamu osankhira liwu chipinda) yowerengera zilembo zonse za liwu, kusiyana kwa nthawi mumakuona ndi maso, ndipo zimene anaphunzitsa za liwiro la ma algorithm zimasiya kukhala nkhani ya m'buku. Pomasula memory, sungani adiresi ya node (kabokosi kosunga liwu limodzi) yotsatira musanamasule imene mwaimapo. Mukasemphanitsa, valgrind, chida chofufuza zolakwika za memory, idzakuuzani kuti mukuwerenga malo amene munabweza kale.

Pa masabata asanu amenewa maloya amavutika mofanana. Anazolowera kuwerenga zonse asanalembe chilichonse, ndi kupereka chikalata chikakhala chopanda banga. Apa zimenezo zimachedwetsa. Njira yoyenda ndi kulemba mizere 5, kuyendetsa, kuona zatuluka, n'kuwonjezera ina 5. Amene walemba mizere 80 asanayendetse amalandira mauthenga 20 a zolakwika nthawi imodzi, ngakhale ambiri mwa iwo amachokera pa cholakwika choyamba chokha, choncho konzani chapamwamba n'kuyesanso. Anazoloweranso mawu otambasuka, monga "nthawi yoyenera" kapena "munthu wanzeru zake", amene woweruza amadzawamasulira. Compiler, pulogalamu yosandutsa code yanu kuti kompyuta iyendetse, simasulira cholinga cha wolemba. Kumbali inayi, chizolowezi chofunsa kuti "nanga zitachitika zakutizakuti?" pa ndime iliyonse ya kontrakiti ndi chomwecho chimene chimafunika poganiza za munthu amene walemba 0, nambala yochotsera kapena sanalembe kanthu.

Theka lachiwiri: lokoma, koma lothamanga

Python imabwera ngati mpumulo. Mumalembanso ntchito zina za C ndipo zimafupika kwambiri. Sabata imodzi yokha siikwanira kuti mudzitche wodziwa Python.

SQL ndi pamene loya amawala. Fiftyville ndi kafukufuku wa mlandu wakuba: muli ndi database ya malipoti a apolisi, zimene mboni zinanena, magalimoto otuluka pamalo oimika, ndalama zotapidwa pa ATM, mafoni oimbidwa ndi okwera ndege, ndipo mupeze wakuba, mzinda umene anathawira ndi womuthandiza. Funso lililonse mumalilemba mu log.sql pamodzi ndi chifukwa chimene mwalifunsira. Chovuta ndi kulumikiza matebulo, chifukwa lililonse limamudziwa munthu mwanjira yake: la mafoni ndi nambala ya foni, la ndege ndi nambala ya pasipoti, la magalimoto ndi nambala ya galimoto. Yambani ndi .schema, lamulo loonetsa matebulo onse, jambulani papepala mmene matebulowo akugwirizanirana, ndiyeno chepetsani oganiziridwa umboni umodzi ndi umodzi. Kuyesa kulemba funso limodzi lalikulu lolumikiza zonse kumabweza tebulo lopanda kanthu, ndipo simudziwa kuti mwaphonya pati.

Sabata 8 ndi yofooka. HTML, CSS ndi JavaScript m'phunziro limodzi ndi kungolawitsa. Sabata 9 ili bwinoko chifukwa cha Finance, webusaiti yogulira ndi kugulitsa masheya ndi ndalama zoyerekezera, madola 10,000 poyambira. Mumalemba kulembetsa, kugula, kugulitsa ndi mbiri ya malonda. Apa mumaphunzira zinthu ziwiri zimene loya wa nkhani za deta amangozimva: pasiwedi siisungidwa mmene ilili koma ngati hash, zilembo zosokonezedwa zimene sizibwezeka, ndipo zimene munthu walemba pa fomu siziphatikizidwa mwachindunji mu funso la SQL, zimadutsira pa chizindikiro cha ? kuti wina asalowetse malamulo ake mu database yanu. Ambiri amayesa zolembedwazo mu HTML mokha n'kuiwala kuyesanso pa seva, ndiye munthu atha kugula masheya −5 n'kudziwonjezera ndalama.

Zida zoyesera, bakha ndi satifiketi

check50 imayesa code yanu n'kuonetsa nkhope yobiriwira kapena yofiira pa mayeso alionse, style50 imayang'ana kasanjidwe, submit50 imapereka ntchito, ndipo debug50 imakulolani kuyenda mzere ndi mzere mukuona zimene zili mu variable iliyonse. Zimagwira bwino, koma check50 imaumbitsa ulesi. Munthu amayamba kusinthasintha code mpaka nkhope zonse zibiriwire osamvetsa chimene chasintha. Dziikireni lamulo loti muziyesa nokha ndi zitsanzo zosachepera zitatu musanaiyendetse, chifukwa kuntchito kulibe check50. Ndipo debug50 iphunzireni pa sabata 2, osadikira kuti zinthu zifike povuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyambira mu 2023 kosiyi ili ndi bakha wake, chida cha AI chocheza nacho pa cs50.ai, amene anamupanga kuti azikulozerani njira osakupatsani yankho. Malamulo a kosi amaletsa kugwiritsa ntchito ChatGPT, GitHub Copilot ndi zina zotero polemba mayankho a ntchito zake. Amalolanso kuti muonetse mnzanu code yanu pofuna thandizo, koma inu musaone yake. Tsatirani zimenezi ngakhale palibe wokuonani. Zida za AI zimatha kulemba yankho la Speller m'masekondi ochepa, ndipo ndendende chifukwa cha zimenezo olemba ntchito amafuna munthu amene angawerenge code yolembedwa ndi makina n'kuona pamene yalakwa. Loya akudziwa kale zimene zimachitika akapereka kukhoti chikalata chotchula milandu imene sanaiwerenge.

Mukapeza 70% kapena kuposa pa ntchito iliyonse ndi pa pulojekiti yomaliza, CS50 imakupatsani satifiketi yaulere. Ya edX ndi yolipira, ndipo maphunziro ake ndi omwewo. Sindikuona chifukwa choigulira. Munthu wochokera ku zamalamulo anazolowera kuti pepala ndilo limatsegula khomo: digiri, mayeso a bungwe la maloya, chilolezo. Kuno kulibe chilolezo chotero. Wolemba ntchito amayang'ana zimene munapanga ndi mmene mumaganizira akakupatsani vuto pamaso pake.

Zimene simupezamo

Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa code, mulibe kwenikweni. submit50 imatumiza ntchito yanu ku GitHub mobisa, ndiye mutha kumaliza kosi yonse osadziwa commit, branch kapena pull request, pamene kuntchito ndi zinthu za tsiku loyamba. Simulemba mayeso anuanu a code, simuika pulogalamu pa seva yoti anthu aigwiritse ntchito, ndipo simuwerenga code yaikulu yolembedwa ndi ena, imene ndi ntchito yaikulu ya woyamba kumene. Komanso mayankho a ntchito za kosi simuloledwa kuwaika poyera, choncho sangakhale chionetsero chanu.

Mipata imeneyi imatsekeka ndi makosi ena aulere. CS50P, ya Python yokhayokha, imaphunzitsa pytest (chida cholembera mayeso a code), kuwerenga mafayilo ndi regular expressions, zimene ndi chida chachikulu pofufuza m'zikalata. CS50W, ya Brian Yu, ili ndi phunziro lathunthu la Git, kenako Django (chida china cha Python chomangira mawebusaiti) ndi JavaScript, ndi mapulojekiti opanda code yambiri yokuyambirani. The Odin Project imakukakamizani kuika zida pa kompyuta yanu ndi kugwiritsa ntchito Git kuyambira pachiyambi. Sankhani njira imodzi. Kwa loya, CS50x, kenako CS50P, kenako CS50W ndi ndondomeko yabwino, chifukwa zida zambiri zogwirira ntchito pa zikalata zili mu Python. Kumangowonjezera makosi pambuyo pake ndi njira yozembera kupanga chinthu chanu.

Pulojekiti yomaliza

Amafuna pulogalamu, fayilo ya README yoifotokoza ndi vidiyo yosapitirira mphindi 3. Apa ndi pokhapo pamene kosiyi ingakupatseni choonetsa, ndiye musawononge mwayiwu pa pulogalamu ya mndandanda wa zochita imene anthu zikwizikwi anapanga kale. Tengani vuto la muofesi ya maloya.

Chitsanzo chabwino ndi chowerengera tsiku lomaliza kupereka zikalata kukhoti. Chimaoneka chaching'ono mpaka mutayamba. Kodi tsiku limene chikalata chaperekedwa limawerengedwa? Masiku ake ndi onse kapena ogwira ntchito okha? Likagwera Loweruka kapena pa holide, limapita kutsogolo, nanga lotsatiralo likakhalanso holide? Apa pafunika loop, yofunsa mobwerezabwereza, osati if imodzi yofunsa kamodzi kokha. Mu Python weekday() imawerenga Lolemba ngati 0, pamene isoweekday() imaliwerenga ngati 1, ndipo kuzisokoneza kumasandutsa Lachisanu kukhala Loweruka. timedelta, yowonjezerera nthawi pa deti, ilibe miyezi, chifukwa "mwezi umodzi kuchokera pa 31 Januwale" si nambala yokhazikika ya masiku. relativedelta ya mu dateutil imapereka 28 kapena 29 Febuluwale, koma zili kwa inu kuona ngati lamulo la khotilo likugwirizana nazo. Malamulo a khoti lililonse muwasunge mu fayilo yapadera, osati mkati mwa code, ndipo funso lililonse mwa amenewa likhale ndi mayeso ake. Pulojekiti yotereyi imakupatsani zokamba mphindi 20 pofunsidwa ntchito. Lembaninso poonekera kuti chidacho si uphungu wazamalamulo.

Chenjezo limene kosi sipereka, chifukwa sinaganizire maloya: musayesere pulogalamu yanu pa zikalata zenizeni za amene mukuwaimira. cs50.dev imayendera pa maseva a kampani ina, ndipo zimene mwaikapo zatuluka muofesi yanu. Pa Git, kufufuta fayilo mu commit yotsatira sikuichotsa mu mbiri, aliyense wotha kuona repository atha kuibweza. Gwiritsani ntchito zikalata zopeka kapena zigamulo zimene zinasindikizidwa poyera. Makiyi a API (mawu achinsinsi olumikizira pulogalamu yanu ku ntchito za makampani ena) nawo akhale mu fayilo imene mwaitchula mu .gitignore (mndandanda wa mafayilo amene Git isasunge) musanapange commit yoyamba. Werenganinso kontrakiti yanu ya ntchito pa ndime ya umwini wa zimene mwapanga, makamaka ngati mukulembera pa laputopu ya kampani.

Kumene njirayi ikuloza

Kuyambira pamene makampani aakulu a zamakompyuta anachotsa anthu ambiri mu 2022 ndi 2023, malo a oyamba kumene akhala opikisanidwa kwambiri. Loya amene wamaliza CS50x akafunsira ntchito wamba ya developer amakhala pamzere umodzi ndi achinyamata a digiri ya computer science. Amakhala patsogolo kumene kukufunika zonse ziwiri: makampani opanga mapulogalamu osamalira makontrakiti, ofufuzira umboni m'maimelo ndi mafayilo ambirimbiri, kapena magulu oonetsetsa kuti mapulogalamu akutsatira GDPR, malamulo a European Union oteteza deta ya anthu, imene inayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Ndime 17 ya GDPR imapatsa munthu ufulu woti deta yake ifufutidwe. Kudziwa ndimeyo ndi kwa loya, kudziwa matebulo ndi ma backup onse amene detayo yabisalamo ndi kwa wolemba mapulogalamu, ndipo odziwa zonse ziwiri ndi ochepa.

Pophunzira kuwerenga code ya ena, yang'anani docassemble, imene anayambitsa loya Jonathan Pyle. Imafunsa munthu mafunso n'kumupangira chikalata, ndipo imagwiritsa ntchito Python, YAML ndi Markdown. Palinso eyecite ya Free Law Project, yozindikira pamene milandu ya ku America yatchulidwa m'zolembedwa. Zonse zili poyera pa GitHub, ndipo kukonzako kanthu kakang'ono kamene eni ake avomereza kumalemera kuposa satifiketi.

Musasiye ntchito kuti mukachite CS50x. Siifuna nthawi yonse, ndipo ndiyo njira yotchipa yodziwira ngati mukukonda kulemba mapulogalamu kapena mwangotopa ndi ofesi imene muli. Ngati mwafika pa Speller ndipo mukupezeka mukuganiza za hash yanu pamene palibe wakukakamizani, pitirizani. Nkhani yotsanzika kuntchito ibwere muli ndi mapulojekiti awiri oyenda pa intaneti, mukutha Git osayang'ana manotsi, ndipo mwasunga ndalama zokwanira miyezi yosachepera 6, podziwa kuti malipiro oyambira atha kukhala otsika kuposa a loya wa zaka zingapo. Musanapereke kalata, funsani ku bungwe la maloya la kumene mumagwira ntchito za mmene chilolezo chanu chingakhalire mukasiya kuimira anthu, zimene muyenera kumalipira kapena kumaphunzira chaka ndi chaka kuti chisafe, ndi zimene angafune mukadzaganiza zobwerera.